Makope a pensulo amene ndinawapeza mu kabati ya mu labu

Pakatha masabata awiri aliwonse ndimavala majombo a labala ofika m'chiuno n'kulowa mumtsinje womwewo, pamalo omwewo, m'mawa dzuwa lisanayambe kuwawa. Ndimazika kaneti kanga pansi, kukamwa kwake kutaloza kumene madzi akuchokera, kenako ndimatakasa miyala ndi phazi kwa mphindi zitatu ndendende, wotchi ili pamkono. Chilichonse chimene chasenduka pa miyala chimakokoloka n'kulowa mu neti muja. Ndikakhuthulira mu thireyi yoyera, poyamba mumangoona matope ndi tizinyalala basi, koma mukadikira pang'ono kuti madzi adikhe, tizinyalala tija timayamba kuyenda.

Pali kena kamene ndimakakonda kuposa tonse, kamwana ka kachilombo kotchedwa caddisfly. Kamadzimangira kanyumba kooneka ngati kapaipi, pomata timchenga kapena tizidutswa ta masamba ndi ulusi womwe kamatulutsa kukamwa, ndiye mumaona ngati kamtengo kouma kali phee pansi, mwadzidzidzi timiyendo tasuzumira kutsogolo, kayamba kukwawa kakukoka nyumba yake. Palinso ana a mayfly a michira itatu, amene m'mbali mwa mimba mumakhala timapiko topumira tomwe timagwedera osaleka, ndi ana a stonefly a michira iwiri omwe ndi osachedwa kufa madzi akachepa okosijeni. Mukapeza atatuwa ali mbwee, mtsinjewo uli moyo. Mukapeza thireyi yadzaza tinyongolotsi tofiira ngati magazi ena onse kulibe, dziwani kuti penapake kumtunda pakulowa zoipa, chifukwa tofiirato tili ndi zinthu m'magazi mwake zogwira okosijeni ngakhale atachepa chotani, timapirira pamene ena onse athawa kapena afa. Mita yoyezera madzi imakuuzani za mphindi imene mwaiviika yokhayo. Tizilombo timakuuzani zomwe mtsinje wadutsamo miyezi yathunthu, chifukwa tinali momwemo usiku umene wina anatsegula paipi ya zonyansa anthu onse ali mtulo.

Ndikatha ndimathira zonse mu botolo la sipiriti, n'kulemba tsiku ndi malo pa kapepala, kapepalako n'kukaponya mkati mwa botolo momwemo. Timalemba ndi pensulo osati bolopeni, inki imasungunuka mu sipiriti, pakatha mwezi mumapeza kapepala koyera ngati sikanalembedwepo, sampulo yonse yasanduka yopanda mwini. Ndiye pamabwera masiku atatu kapena anayi a pa mayikulosikopu, kuwerenga kamodzikamodzi, khosi kuuma, maso kuyabwa ndi fungo la sipiriti.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zinayi tsopano, ndi imene ikuyenera kundipatsa digiri ya PhD. Miyezi ingapo yapitayo pepala langa loyamba linabwezedwa ku jenulo ina. Mmodzi mwa owunika analemba mwaulemu ndithu kuti njira zathu n'zolondola, masamu ali bwino, koma palibe chatsopano, uku n'kungoyang'anira mtsinje osati kafukufuku. Imelo ija ndinaiwerenga kangapo ndili chikhalire mu labu, mabotolo ali ndandanda kumbuyo kwanga mpaka kudenga. Zinandipweteka, sindinama. Koma chimene chandipangitsa kulemba lero si kupweteka kwa ine ayi, ndi mawu aja akuti kungoyang'anira, chifukwa ndakhala ndikuwaganizira ndipo ndikuona kuti pafupifupi chilichonse chachikulu chimene tikudziwa za kusintha kwa dziko lapansili tinachidziwira kwa anthu amene ankangoyang'anira.

Ndiyambe ndi makope. Chaka changa choyamba ndikufunafuna mabotolo opanda kanthu ndinatsegula kabati yachitsulo imene inali pakona, chitseko chake chinali cholimba ndi dzimbiri, mkati munali makope a chikuto cholimba ataunjikidwa, omangidwa ndi chingwe. Onse olembedwa ndi pensulo, dzanja limodzi, zilembo zing'onozing'ono zopendekera. Tsiku, nthawi, kutentha kwa madzi, kuya kwake, mtundu wa kachilombo, nambala. Mtsinje womwewu umene ndimalowamo. Anali a bambo wina amene anali tekinishani wa dipatimenti, anapuma ntchito ine ndisanabwere, analibe digiri ndipo dzina lawo silili pa pepala lililonse la sayansi monga wolemba, mwina pansi penipeni pothokoza. Pulojekiti imene inawatuma kumtsinje inatha patangopita zaka zochepa, ndalama zinatha, mabwana anasamukira ku zina, koma iwo sanasiye, ankapitabe pa nthawi yawo. Palibe anawauza kuti asiye ndipo palibenso anawauza kuti apitirize. Nditafunsa a supavaiza anga anangoti, aaa makope a achikulire aja, ndimayesa anatayidwa pamene tinkasamutsa labu.

Ine lero ndikanena kuti ma stonefly achepa pamalo paja, ndikutha kunena chifukwa cha makope amenewo. Popanda iwo zaka zanga zinayi zikanangondiuza kuti ma stonefly ndi ochepa, ndipo ndikanaganiza kuti mtsinjewu unalengedwa choncho.

Amene anayamba kundilimbitsa mtima nditawerenga mbiri yake ndi Charles David Keeling, wasayansi wa ku America. Mu Malichi 1958 anayamba kuyeza mpweya wa carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kutali ndi mafakitale ndi nkhalango zomwe zikanasokoneza kuyeza. Nthawi imeneyo mpweyawu unali pafupifupi magawo 315 pa magawo 1 miliyoni aliwonse a mpweya wa mumlengalenga. Zaka zoyamba anaona chinthu chimene palibe anali atachionapo bwinobwino, nambala inkakwera mpaka Meyi n'kutsika mpaka cha mu Seputembala kapena Okutobala, chaka ndi chaka, chifukwa zomera za kumpoto kwa dziko lapansi zikamaphuka zimakoka mpweyawu, masamba akayoyoka n'kuwola umabwerera. Dziko lonse likupuma, kamodzi pachaka. Koma pansi pa kukwera ndi kutsikako panali chinanso, chaka chilichonse nsonga inkakhala pamwamba pang'ono kuposa ya chaka chathacho.

Tsopano tangoganizani, patatha zaka zisanu munthu wagawa ndalama za kafukufuku akanatha kunena kuti chabwino, waonetsa kuti ukukwera, pita ukachite zina. Ndipo ndi zomwe ankamuuzadi, kangapo konse, kuti kuyeza chinthu chomwechomwecho tsiku ndi tsiku si sayansi yofunika ndalama za kafukufuku. Iye mwini analemba za nkhondo imeneyi mu 1998. Mukayang'anitsitsa galafu yake mupeza kampata kumayambiriro kwa 1964, miyezi ingapo yopanda nambala, ndalama zinali zitadulidwa. Kampata kameneko sikadzatsekedwa mpaka kalekale, mpweya wa miyezi imeneyo unapita ndipo palibe angabwerere kukauyeza pa phiri paja. Keeling anamwalira mu 2005, mwana wake Ralph Keeling akupitiriza ntchitoyo ku Scripps Institution of Oceanography. Mu Meyi 2013 nambala ya tsiku limodzi inafika pa 400, mu Meyi 2025 avereji ya mwezi inadutsa 430, pomwe mafakitale asanayambe inali cha pa 280. Phirilo litaphulika mu Novembala 2022 chiphalaphala chinadula msewu ndi magetsi opita ku siteshoni, anthu anathamangira kukaika makina pa phiri loyandikana nalo la Mauna Kea kuti mzere usadukenso. Bungwe la WMO, loona za nyengo padziko lonse, linanena kuti kuchoka mu 2023 kufika 2024 mpweyawu unakwera ndi magawo 3.5, kukwera kwakukulu kuposa chaka china chilichonse chiyambireni kuyeza kwamakono, ndipo 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa nthawi ya mafakitale asanayambe. Mawu akuti kuposa chaka china chilichonse amangotheka ngati panali munthu ankayeza zaka zina zonsezo, kuphatikizapo zaka zomwe panalibe chochititsa chidwi.

Nkhani ya ozone, mpweya wa kumwamba kwambiri umene umatiteteza ku dzuwa, ndiye imandigwira mtima kwambiri chifukwa inatha bwino, zomwe sizichitika kawirikawiri pa nkhani za chilengedwe. Ku Antarctica kuli siteshoni ya Halley ya British Antarctic Survey, kumene anayamba kuyeza ozone cha m'ma 1950 kumapeto, ndi makina akale oloza kumwamba. Zaka zoposa makumi awiri nambala zinali chimodzimodzi, anthu akuzizidwa kumeneko n'kumalemba zomwezomwezo. Kenako cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nambala za mwezi wa Okutobala zinayamba kugwa, zinagwa kwambiri moti poyamba anakayikira makina awo kuti mwina awonongeka. Atatsimikiza, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin anasindikiza mu Meyi 1985. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anali atachenjeza kale mu 1974 kuti mankhwala a CFC, omwe ankaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, akakwera kumwamba amaphwanya ozone amene amatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, koma chenjezo la pa pepala anthu ankalitsutsa, pomwe dzenje lenileni pamwamba pa Antarctica linali lovuta kulikana. Mu 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal, ndipo lipoti lomwe linatuluka kumayambiriro kwa 2023 likuti ozone ibwerera pomwe inali mu 1980 cha m'ma 2040 m'madera ambiri, ku Antarctica cha m'ma 2066. Ndipo ngakhale pangano litasainidwa oyeza sanapite kunyumba, n'chifukwa chake mu 2018 asayansi a NOAA, bungwe la boma la America loona za nyengo ndi nyanja, anazindikira kuti CFC-11, mtundu umodzi wa mankhwala aja, sikutsika monga imayenera, penapake wina akupangabe mobisa, anafufuza mpaka kum'mawa kwa China ndipo patapita kanthawi utsiwo unatsikanso.

Zaka makumi awiri za nambala zosasintha zija, ndi wowunika uti akanazilandira ngati pepala? Koma popanda izo dzenjelo silikanaoneka ngati dzenje.

Kufupi ndi ntchito yanga kuli anthu a ku Krefeld ku Germany, gulu la okonda tizilombo, ambiri mwa iwo si ma pulofesa, ndi anthu ogwira ntchito zina amene amachita izi chifukwa cha chikondi. Kuyambira 1989 ankatchera misampha yooneka ngati tenti m'malo otetezedwa, tizilombo touluka tikagunda nsalu timakwera m'mwamba n'kugwera mu botolo la sipiriti, iwo n'kuyeza kulemera kwake ndi kusunga mabotolo. Njira imodzi, osasintha, zaka 27, malo 63. Mu 2017 atagwirizana ndi asayansi a ku yunivesite kuwerengera zonse, panapezeka kuti kulemera kwa tizilombo touluka kwatsika ndi maperesenti oposa 75, m'malo otetezedwa, osati m'minda yopoperedwa mankhwala. Dziko lonse linadzidzimuka, manyuzi anayamba kulemba ngati tizilombo tonse titha mawa. Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, nkhaniyi si yophweka choncho. Mu 2020 gulu lina linasonkhanitsa kafukufuku wa nthawi yaitali wokwana 166, linapeza kuti tizilombo ta pamtunda tikutsika ndi pafupifupi maperesenti 9 pa zaka khumi zilizonse, koma ta m'madzi opanda mchere, monga m'mitsinje, tinkaoneka tikukwera, mwina chifukwa mayiko ena anatsuka mitsinje yawo ndi malamulo okhwima. Asayansi ena anatsutsa momwe anasankhira deta, mkangano ukupitirirabe, ndipo ndi mmene sayansi iyenera kukhalira. Koma chimene ine ndinaona pa mapu a kafukufuku ameneyo ndi malo opanda kadontho. Madontho ambiri ali ku Europe ndi ku North America. Madera otentha, komwe kuli mitundu yambiri ya tizilombo kuposa kwina kulikonse, ali pafupifupi mbee. Sikuti kumeneko zinthu zili bwino, kungoti palibe anapatsidwa mpata wowerenga kwa zaka makumi atatu, kapena anawerenga koma makope ake ali mu kabati ya dzimbiri.

Ndiye funso n'lakuti bwanji moyo wa ku yunivesite sukonda ntchito yotereyi, chikhalirecho phindu lake likuoneka poyera. Yankho ndi kalendala. Fandingi yambiri imabwera ya zaka zitatu, ikatalika zisanu. PhD ndi zaka zitatu kapena zinayi. Ukamaliza umapatsidwa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ukangoyamba ntchito wayambanso kulemba ma apulikeshoni a ntchito yotsatira, nthawi zambiri mzinda wina kapena dziko lina, ndiye mtsinje uja udzausiyira ndani? Pofunsira ntchito amawerenga mapepala ako, angati, m'majenulo ati, akutchulidwa kangati. Pa fomu yopempha ndalama pali bokosi lofunsa kuti chatsopano n'chiyani pa pulojekiti yako, ndipo sindinaonepo bokosi lofunsa kuti ukupitiriza chiyani chimene wina anayamba. Chilengedwe chimayenda pa zaka makumi, ife tikuyenda pa ma semesita. Mtengo umodzi wa m'nkhalango umaposa ma kontirakiti makumi asanu a munthu wofufuza.

Zotsatira zake timaziona. Munthu amadula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa tinayi kuti akhale ndi mapepala anayi. Zotsatira zomwe sizinaonetse kusiyana kulikonse zimakhala mu kompyuta mpaka kalekale chifukwa palibe jenulo ikuzifuna, ndiye wina kwinakwake amabwereza zomwezo n'kulepheranso osadziwa kuti anzake analephera kale. Mu 2016 magazini ya Nature inafunsa ofufuza oposa 1,500, ndipo oposa maperesenti 70 anati anayesapo kubwereza ekisiperimenti ya munthu wina n'kulephera kupeza zomwezo. Mu 2023 mapepala oposa 10,000 anachotsedwa atasindikizidwa kale, ambiri chifukwa cha makampani achinyengo omwe amagulitsa mapepala opeka ndi malo a dzina pa pepala. Sindikhulupirira kuti anthu analowa mu sayansi kuti azinama, palibe amasankha malipiro amenewa chifukwa cha dyera, koma ukamuuza munthu kuti chakudya cha ana ake chili pa nambala ya mapepala, ena adzapeza njira yachidule. Peter Higgs, amene analosera mu 1964 kachinthu kochepa kuposa atomu kamene kanadzapezeka ku CERN, labu yaikulu ya fizikisi ku Europe, mu 2012, ananena yekha mu 2013 kuti masiku ano sakanapeza ntchito ku yunivesite chifukwa akanaonedwa ngati wosabereka mapepala okwanira. Katalin Karikó anatsitsidwa paudindo mu 1995 chifukwa ntchito yake ya mRNA, kauthenga kamene kamauza maselo a m'thupi zoti apange, sinkabweretsa fandingi, mu 2023 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Drew Weissman, anthu mamiliyoni atabaidwa kale katemera wa Covid-19 wochokera ku ntchito yomweyo. Awa timawadziwa chifukwa anapirira mpaka dziko linawaona. Amene anatopa n'kusiya sitiwadziwa, ndipo mitsinje yawo sitidziwanso kuti inasintha bwanji.

Mnzanga wina amene tinayambira limodzi anasiya chaka chatha. Ankayeza mbalame m'dambo lina, ankadziwa kulira kwa iliyonse ali chitsinzire. Tsiku lomwe ankalongedza anandipatsa fulashi n'kunena kuti, iwe, sunga izi, mwina wina adzazifuna. Ili mu diloo yanga. Iye ali bwino, akulandira zambiri kuposa kale ndipo amagona usiku, sindingamuweruze ngakhale pang'ono. Koma dambo lija tsopano lili ndi kampata kake.

Pali wasayansi wa za nsomba, Daniel Pauly, amene mu 1995 analongosola chinthu chimene chimandiopsa kuposa nambala zonsezi. Anati m'badwo uliwonse wa ofufuza umatenga zomwe unapeza ukuyamba ntchito ngati mmene zinthu zimakhalira, ndiye umayeza kuwonongeka kuchokera pamenepo. Wotsatira amapeza zochepa, nayenso amati apa ndiye poyambira. Nsomba zikuchepa m'badwo ndi m'badwo koma palibe amene amaona kugwa konse, aliyense amangoona kachigawo kake kakang'ono n'kumati si zoopsa kwenikweni. Ine ndinadziona ndekha m'mawu amenewa tsiku limene ndinatsegula kope loyamba la achikulire aja. Malo amene ndinkawatcha abwino, amene ndinawasankha kuti ndiziyerekeza ndi malo owonongeka, kwa iwo akanakhala malo odwala kale. Kuiwala kotereku kulibe phokoso, ndipo mankhwala ake ndi munthu amene analemba nambala tsiku lomwe panalibe chifukwa cholembera.

Sindikufuna kuti zimveke ngati ndikudana ndi zatsopano, ayi ndithu. Chaka chino tayamba kuyesa njira ya eDNA, ndipo imandisangalatsa ngati mwana. Chamoyo chilichonse chimasiya tizidutswa take m'madzi, khungu, mamina, ndowe, mazira, ndiye umatunga madzi, kuwasefa pa kasefa kakang'ono, kuchotsa DNA yomwe yatsalira n'kuiwerenga pa makina, mndandanda wa zamoyo ukutuluka popanda kugwira ngakhale chimodzi. Ku Britain njirayi inavomerezedwa kale pofufuza mtundu wina wa tinyama ta m'madzi tooneka ngati abuluzi, wotetezedwa ndi lamulo, ndipo ofufuza ena anakwanitsa kusefa mpweya wa ku zoo n'kudziwa nyama zomwe zili m'makola. Koma makina amangokupatsa mzere wa zilembo, kuti udziwe kuti ndi kachilombo kanji pamafunika kuti wina anakagwirapo kale, anakazindikira ndi maso, anawerenga DNA yake n'kuika mu nkhokwe ya pa intaneti. Pa mndandanda wathu woyamba mizere yambiri inabwera yopanda dzina. Ndipo anthu odziwa kusiyanitsa tizilombo ndi maso akupuma ntchito mmodzimmodzi, olowa m'malo mwawo ndi ochepa chifukwa luso limeneli limatenga zaka khumi kuliphunzira ndipo silibereka mapepala otchuka. Chinanso, njira ikasintha mzere umaduka, nambala za neti sungangozilumikiza ndi nambala za DNA pokhapokha utayendetsa zonse ziwiri limodzi kwa zaka zingapo, ndalama yochitira zimenezo ndiye imene sipezeka.

Ku Rothamsted ku England kuli munda wa tirigu umene John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba kuyesapo feteleza mu 1843, ndi munda wa udzu wa 1856, onse akupitirirabe mpaka lero. Ankasunga dothi ndi mbewu m'mabotolo chaka ndi chaka. Anthu amene anatseka mabotolo oyamba sankadziwa kuti kudzakhala mabomba a nyukiliya kapena makina owerenga DNA, koma ofufuza a masiku ano amatsegula mabotolo omwewo n'kuyezamo zinthu zimene eni ake sakanazilota. N'chifukwa chake mabotolo anga sindiwataya ngakhale malo mu labu akuchepa ndipo anthu akudandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa ntchito iyi nthawi zambiri amene amadekha si amene amadzaona masowo.

A supavaiza anga ali ndi mfundo yawo ndipo ndimaimvetsa. Pepala litabwezedwa ndinapita ku ofesi kwawo ndili wokwiya, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, mwanawe, wowunikayo sanalakwe zonse, kuyeza kopanda funso kumangodzaza makabati, Keeling ankadziwa chimene akufunsa. Zoonadi. Pali deta yambiri padziko imene inasonkhanitsidwa chisawawa, njira kusintha pakati osalemba, malo kusuntha, mita yosakonzedwa chaka chathunthu, yoti sungaigwiritse ntchito. Ndipo ndalama ndi zochepa, amene akugawa ayenera kusankha. Ndinabwerera kukalembanso pepala lija ndi funso lomveka, ndipo lakhala bwino kuposa loyamba. Pomwe sindigwirizana nawo ndi pomwe anawonjeza kuti ndikamaliza ndisiye mtsinjewu ndipite ku mutu umene uli ndi fandingi, chifukwa akudera nkhawa tsogolo langa. Ndikudziwa kuti akunena chifukwa chondikonda. Koma iwo omwe akamaphunzitsa kalasi ya chaka choyamba amaonetsa galafu ya Keeling pa silaidi yachiwiri.

Zomwe ndikanakonda si zazikulu. Yunivesite iliyonse itasankha malo ochepa okha, mtsinje, dambo, kankhalango, n'kunena kuti awa tiziyeza mpaka kalekale ndi ndalama zathu, osadikira pulojekiti. Matekinishani, omwe ndi amene amakhalitsa pamene ophunzira ndi ma pulofesa akubwera n'kumapita, atapatsidwa ntchito yokhazikika ndi dzina pa mapepala. Munthu amene waika deta yoyera bwino poti aliyense aipeze atawerengedwa ngati wachita kanthu pa tsiku lokweza maudindo. Pena zayamba, pali majenulo olandira mapepala a deta yokha, pali mabungwe osunga malo ofufuzira a nthawi yaitali monga LTER ya ku America imene inayamba mu 1980. Koma kwa wophunzira amene akufuna ntchito chaka chamawa, sikelo ikadali yopendekera mbali imodzi.

Panopa madzulo aliwonse ndikamaliza za pa mayikulosikopu ndimalowetsa makope aja mu kompyuta, tsamba ndi tsamba, chifukwa pensulo ikufufutika ndipo njenjete zayamba kudya m'mphepete. Mayina ena a tizilombo anasintha kuyambira nthawi imeneyo, ndiye ndimalemba lakale ndi latsopano moyandikana kuti wina asadzasokonezeke. Mwezi watha ndinafika pa kope lachisanu ndi chiwiri n'kupeza masamba awiri opanda kanthu, pamwamba pali madeti okha. Ndinafufuza nambala yawo kudzera kwa mayi wina wa mu ofesi amene anagwira nawo ntchito, ndinaimba ndili ndi mantha kuti mwina ndiwasokoneza. Nditadzifotokoza anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, makope aja akadalipo? Ndinati alipo bambo, onse, ndikuwalowetsa mu kompyuta, koma pali masamba awiri opanda kanthu, kodi panachitika chiyani? Sanaganize n'komwe. Anati madzi anasefukira mwanangu, sindikanatha kulowa, ndinasiya masambawo dala kuti wodzawerenga asaganize kuti ndinapita n'kupeza mulibe kanthu. Ndinalemba zimenezo mu kolamu ya ndemanga, momwe ananenera.

Tisanadule anandifunsa ngati mwala waukulu wafulati uja wa pansi pa mtengo wopendekera ukadalipo, akuti pansi pake ndi pomwe ankapeza ma stonefly akuluakulu. Mtengowo unagwa ine ndisanabwere koma mwalawo ndikuudziwa, ndimaupondapo polowa m'madzi, sindinaugubuduzepo chifukwa uli kunja kwa malo anga oyezera. Ndawalonjeza kuti Lachiwiri likubwerali, ndikamaliza mphindi zitatu zanga, ndikaugubuduza n'kuwaimbira kuwauza zomwe ndapeza.